Malangizo kwa Alimi a Ng'ombe za Mkaka

M'chifu cha ng'ombe yanu mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso, timene timagaya udzu kuti usanduke mphamvu ndi mkaka. Pogaya pamatuluka mpweya wa methane, umene ng'ombe imageya. Mpweyawu umawonjezera kutentha kwa dziko, komanso ndi chakudya chotayika.

Udzu wokhwima umachedwa kugayika, ndipo mkaka umachepa. Choncho dulani nsenjere ikadali yanthete, musakanize ndi masangwi a mtedza kapena lukina pang'ono. Madeya musachulutse. Mukamasintha chakudya, teroni pang'onopang'ono kwa masabata awiri kuti tizilomboto tizolowere. Madzi aukhondo asasowe m'khola.

Ng'ombe ikasiya kubzikula kapena ikatupa mimba, itanani alangizi a ziweto msanga.