Mphunzitsi wa kukwera kavalo

Mukaima pa depoti ya mabasi ku Area 2 mumzinda wa Lilongwe, muona minibasi, njinga za kabaza ndi amayi a mitolo pamutu. Kavalo simumuona. Nyama imeneyi, imene ena amati hatchi, ndi yosowa kuno kwathu. Kashembe ndiponso tizilombo tina touluka madzulo timafalitsa matenda amene amapha akavalo. Komabe alipo malo oweta akavalo, monga ku Kande m'boma la Nkhata Bay. Kumeneko kuli aphunzitsi a kukwera.

Amene anaphunzira njinga angaganize kuti nkhani ndi yomweyo. Ayi ndithu. Njinga ilibe mantha, koma kavalo amadzidzimuka ngakhale ndi jumbo youluka ndi mphepo. Ndipo wamkulu amalemera makilogalamu 400 mpaka 500.

N'chifukwa chake phunziro limayambira pansi. Maso a kavalo ali m'mbali mwa mutu, choncho saona chimene chili kumbuyo kwenikweni. Womudzera kumchira akhoza kupondedwa. Mphunzitsi amakuonetsani kumufika cha paphewa, mukumulankhula pang'onopang'ono. Amakuvekani chipewa cholimba, n'kuona ngati lamba wa chishalo wamangika bwino. Mukatero mumakwera, kudzera kumanzere.

Tsiku loyamba simuyendetsa nokha. Mphunzitsi amaima pakati pa bwalo atagwira chingwe chachitali, kavalo n'kumazungulira. Inu ntchito yanu ndi kukhala bwino basi. Mumangomva mawu akuti, "Wongolani msana! Zidendene pansi! Yang'anani kutsogolo!"

Vuto lalikulu ndi manja. M'kamwa mwa kavalo mumakhala kachitsulo, ndipo zingwe zimene mwagwira zimachokera pamenepo. Munthu akachita mantha amakoka zingwe mwamphamvu, kwinaku miyendo yafinya mimba ya kavalo. Kukoka kumatanthauza "ima". Kufinya kumatanthauza "pita". Ndiye kavalo amvere ziti? Apa m'pamene mphunzitsi waluso amadziwikira. Amaona makutu a kavalo akapendekera kumbuyo, n'kudziwa kuti nyama yatopa nazo. Sakalipa. Amangoti, "Pumani kaye, masulani manja."

Wophunzira akatsika, ntchafu zikuwawa, amapita kwawo. Mphunzitsi amatsala. Amachotsa chishalo n'kupapasa msana wa kavalo kuti aone ngati pali chilonda. Amanyamula mwendo umodziumodzi, kuchotsa matope ndi timiyala m'ziboda. Amatunganso madzi, pakuti kavalo mmodzi amamwa malita oposa 20 pa tsiku. Ngati ophunzira amuzoloweza kavaloyo makhalidwe oipa, mphunzitsi amamukwera yekha m'mawa mwake kuti amukumbutse.

Mafunso

N'chifukwa chiyani sitimudzera kavalo kumbuyo?

Kodi amene amayendetsa ngolo ya abulu kapena ng'ombe kwanuko amalankhula bwanji ndi ziweto zake?