Azakhali Akuyankha: Akuti Tikadyere pa Chiwaya ku Senga Bay

Azakhali,

Ndine mayi wa ana awiri, ndimakhala ku Area 25 mu Lilongwe muno. Chikwatiranireni, bambo a kunyumba sananditengereko koyenda kupatula kumaliro ndi ku zinkhoswe. Sabata yatha anandiuza kuti ana tikawasiye kwa agogo awo, ife tipite ku Senga Bay Loweruka m'mawa, tikabwereko Lamulungu madzulo. Ndinasangalala mpaka ndinakamangitsa tsitsi. Koma dzulo akuti ndalama ikwanira thiransipoti ndi chipinda chogona basi, chakudya tizikagula pa chiwaya ndi kwa amayi a m'mbali mwa msewu. Anzanga akapita kunyanja amaika pa WhatsApp mbale za kuhotela. Ine ndikaike chiyani, tchipisi cha papepala? Kodi kumeneku si kuumira? Ndipite kapena ndikane?

Wokhumudwa, Area 25

Mwana wanga Wokhumudwa,

Tsitsi wamangitsa kale, ndiye ukakana alione ndani, nkhuku za aneba? Longedza chikwama upite. Mkamwini wangayu wakumbukira yekha kuti mkazi amatopa, komanso wanena poyera pomwe thumba lake lalekezera. Alipo ena amakulowetsa m'hotela ndi ndalama ya katapila, mwezi ukatha n'kumakutuma kuti ukauze angongole kuti bambo achokapo. Zimenezo anzakowo saika pa WhatsApp.

Za kuumirazo tifikapo, yamba wamva za ulendo. Kuchoka mu Lilongwe kukafika ku Salima ndi makilomita pafupifupi 100 pa msewu wa M14, ndipo kuchoka pa Kamuzu Road, pa Salima pomwepo, kukafika ku Senga Bay ndi ena pafupifupi 20. Mulawire, ndipo phala usiyire ana, m'mimba mukhale malo. Minibasi ikangoima chakudya chimabwera chokha pawindo: chimanga chootcha, mazira owiritsa, nthochi, zitumbuwa, malambe. Ikakhala nyengo yoti anthu akolola, ukaona anyamata akukweza m'mwamba mbewa zopana pa timitengo, usatembenuze nkhope ngati mkamwa mwadzadza malovu. Ambiri a inu a m'tauni munakulira mbewa zomwezo, mwayamba kunyansidwa nazo mutagula foni.

Mukatsika pa Kamuzu Road musathamangire chiwaya choyambirira. Ima kaye uone komwe akudya anyamata a kabaza. Iwo amadya pamenepo tsiku ndi tsiku, amadziwa amene amaphika bwino ndi amene amagulitsa zogona. Pomwe pali anthu ambiri tchipisi sichikhalitsa m'mphepete mwa chiwaya, chimachoka m'mafuta n'kulunjika m'manja mwa wogula. Usuzumire pakati paja pamene pamakhala mafuta. Akakhala bii ngati oyilo wakutha wa m'galimoto, lonjera mwini wakeyo mwaulemu, upitirire. Akakhala oyera, loza nyama yomwe wafuna, umuuze aibweze m'mafutamo ithetheke iwe ukuona. Kulawa kachidutswa n'kololedwa, koma kamodzi, osati kuyendayenda m'ziwaya zonse mpaka kukhuta. Mchere ndi tsabola wa kambuzi uthire wekha, ndipo basela upemphe ukumwetulira, tsitsi limenelo ligwire ntchito.

Apa ndisiye kaye nthabwala. Kolera ya 2022 ndi 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo maboma a m'mphepete mwa nyanja, Salima yemweyo, anavutika nayo kwambiri. Chomwe chachoka pamoto chikufuka nthunzi, idya. Saladi ya kabichi ndi tomato ija, ngati sukudziwa madzi omwe atsukira, ikupite. Kasopo kakhale m'chikwama mwako, madzi akumwa mugule a m'botolo lotseka, ndipo thobwa umwe kwa mayi amene ndowa yake ili yovundikira, makapu akutsukira m'madzi oyera. Sindikufuna ulendo wako woyamba ukathere pa diripi.

Tsopano kuumira kuja. Mwamuna woumira, mwana wanga, amadziwika pa chiwaya pomwepo, ndipo sipatha mphindi khumi. Muone akamasankha nyama. Akatenga chiwindi ndi mnofu, iwe n'kukukankhira kachikopa ndi fupa, lemba mumtima. Ukati wa chiwaya aswerepo dzira pa tchipisi iye n'kuyamba kuyang'ana mitambo, lembanso. Akamawerenga timitengo tomwe wabayira nyama, kapena kukangana ndi mwana wogulitsa zigege chifukwa cha chenji chosagula ngakhale machesi, ndiye kuti matendawo ndi aakulu, ndipo angakhale atakutengera ku hotela ya nyenyezi zisanu akakufunsa chifukwa chake waitanitsa Fanta wachiwiri. Koma akati “tenga chomwe ukufuna, mayi a ana,” iye n'kuima pambali kukugwirira chikwama, ameneyo ndi wosauka chabe. Kusauka kumatha, kuumira n'kumene ndilibe nako mankhwala.

Mukafika kunyanja mupeze chipinda chaukhondo chokhala ndi neti, udzudzu wa kumeneko sudziwa kuti ndinu alendo. Achibale a ku Salima musawauze kuti mwabwera. Mukangowauza, Loweruka lonse litha mukuweruza mlandu wa malire a munda, n'kubwerera ndi mwana wa msuweni woti mukamulipirire sukulu.

Madzulo mukhale pamchenga muone nyali za asodzi zitandanda panyanja. Amakhala akukopa usipa, chifukwa kansombaka kamatsata kuwala. N'chifukwa chake mwezi ukamawala kwambiri usipa umasowa, ndipo mwera ukamaomba m'miyezi yozizira asodzi ambiri salowa m'madzi, nsomba n'kukwera mtengo. Muyang'ane zimenezi musanasankhe tsiku. Lamulungu mudzuke kusanache. Ku Senga Bay dzuwa limatulukira panyanja penipeni, maboti akubwerera, amayi akudikira ndi mabeseni, ena akuyanika usipa pa thandala. Chithunzi chako cha pa WhatsApp ndi chimenecho, ndipo salipiritsa.

Pamenepo mugule nsomba yongovuuka kumene. Uone maso ake ngati ali owala, utsegule m'mbali mwa mutu uone ngati muli mofiira, udine mnofu ndi chala ubwerere msanga. Chambo chinachepa m'nyanja ndipo mtengo wake ndi wa mabwana, choncho usamukakamize mwamunayo kugulitsa nsapato. Utaka, mcheni kapena kampango, mukapatsa amayi ophika pafupi pomwepo kuti akuotchereni kapena kukukazingirani, n'kuikapo nsima yotentha kapena mpunga, mudzanyambita zala mpaka mphete ya ukwati. Usipa wauwisi wokazinga ndi mchere ndi tsabola, umenewo ndiye ndimaufera ine azakhali ako. Kumapeto a chaka boma limatseka usodzi wa makoka ena kuti nsomba ziswane, ndiye akakutsatsa tiana ta chambo, kana.

Mawu awiri owonjezera. Anthu ambiri a m'mphepete mwa nyanja kumeneko ndi Asilamu, choncho mkamwini wanga asamafunse mokuwa komwe akuotcha kapado, adikire akafike ku Area 25. Ndipo posamba mupewe madzi odikha a m'mabango, ndimo mumakhala nkhono za likodzo.

Pita, mwana wanga, ukadye, ukagone masana popanda wokufunsa komwe kuli sokosi yake. Akakakuwerengera zidutswa za nyama undilemberenso, tiitane ankhoswe. Ndipo pobwera usaiwale kandowa kanga ka usipa wofutsa, uphungu uno si waulere.

Ndine,
Azakhali ako