Kabuku ka Tsiku ndi Tsiku M'foni Mwanu

 Lero tikambirana za ntchito ina imene foni yanu ingagwire kupatula WhatsApp ndi Facebook. Ntchitoyi ndi yosunga kabuku kolembamo zimene zachitika tsiku lililonse, komanso kulondoloza zizolowezi zabwino zimene mukufuna kuti zikhazikike pamoyo wanu. Mphindi zisanu patsiku n'zokwanira.

Mwina wina akufunsa kuti kulemba n'kwa chiyani pamene mutu ulipo. Mutu umaiwala, abale. Adokotala akafunsa kuti msanawu unayamba liti kupweteka, timangoti, "Papita kanthawi ndithu." Mlimi amaiwala tsiku limene anathira feteleza woyamba. Wa geni amaona mpamba ukutha, koma osadziwa kuti ndalama ikutayikira pati. Mayankho a zonsezi amakhalapo ngati munthu analemba tsiku lomwelo.

Tiyambe ndi polembapo. Mafoni ambiri a Android, monga Tecno, Itel ndi Samsung, amabwera ndi app yolembamo manotsi, ndipo pa iPhone pali yotchedwa Notes. Palinso Google Keep, imene kampani ya Google inatulutsa mu 2013. Ndi yaulere, ndipo mutha kulembamo ngakhale mulibe bandulo. Mukadzalumikiza intaneti, imatumiza yokha zimene mwalemba ku akaunti yanu ya Google, moti foni itabedwa kapena kugwera m'madzi, zolemba zanu mudzazipeza pafoni ina. Musataye sabata yathunthu mukufufuza app yabwino koposa. Yambani ndi imene ili kale m'foni mwanumo.

Choyamba, tsegulani tsamba limodzi la mwezi wonse, mulipatse mutu, mwachitsanzo "Kabuku ka Juni". Musatsegule tsamba latsopano tsiku lililonse, chifukwa masamba akachuluka mumasokonezeka pofufuza. Madzulo alionse lembani deti, ndipo pansi pake muyankhe mafunso atatu. Lero chachitika n'chiyani? Ndamva bwanji m'thupi ndi mumtima? Mawa chofunika kwambiri kuchita n'chiyani? Funso lililonse lipeze mzere umodzi basi. Mwachitsanzo: "Lachitatu, 12. Ndagulitsa matumba awiri a makala, limodzi pangongole. Mutu unandipweteka masana. Mawa ndikalipire fizi ya mwana." Mwamaliza pamenepo. Za lero muzizilemba pamwamba pa za dzulo, kuti musamavutike kutsetsereka mpaka pansi.

Lembani m'chilankhulo chimene mumaganizira, kaya Chichewa, Chitumbuka, Chiyao kapena chosakaniza. Palibe mphunzitsi amene adzachonge. Ngati foni ikumasintha mawu anu a Chichewa n'kuikapo a Chingerezi, pitani ku Settings ya kiyibodi mukazimitse Auto-correction.

Chachiwiri, tsegulani tsamba lina la zizolowezi. Apa m'pamene ambiri amagwa, chifukwa amafuna kusintha moyo wonse usiku umodzi. Sankhani zitatu zokha, ndipo chilichonse chikhale choti mutha kuyankha kuti inde kapena ayi. "Kusamalira thanzi" simungakuchonge, koma "kumwa mankhwala a BP m'mawa" mutha kuchonga. "Kusunga ndalama" n'kosamveka, koma "kupatula K500 ya banki m'khonde" kukumveka. Chimodzimodzinso "kuwerenga mutu umodzi wa Baibulo", "kuwerenga tsamba limodzi la Korani" kapena "kuyenda mphindi 20". Chizolowezi chilichonse chikhale pamzere wake. Tsiku limene mwachita, ikani X kutsogolo kwake; tsiku limene simunachite, ikani 0. Pofika Lamulungu mzere uliwonse ukhala ndi zizindikiro zisanu ndi ziwiri, ndipo mungoyang'ana kamodzi n'kudziwa m'mene sabata yayendera. Masamba awiriwa muwakhomere pamwamba podina kachizindikiro kooneka ngati kamsomali, kuti mukangotsegula app aziyamba kuoneka ndi iwowo.

Njira imeneyi inalipo mafoni asanabwere. Benjamin Franklin, mmodzi mwa anthu amene anasayina chikalata cha ufulu wa dziko la America mu 1776, anafotokoza m'buku la mbiri ya moyo wake kuti anasankha makhalidwe 13, monga kudziletsa, kusawononga chuma ndi kudzichepetsa. Anajambula mizere ya masiku 7 m'kabuku, ndipo madzulo ankaika kadontho kakuda pa khalidwe limene waphonya. Koma tamverani nzeru yake: sabata iliyonse ankaika mtima pa khalidwe limodzi lokha, n'kumaliza onse m'masabata 13, kenako n'kuyambiranso. Ngati munthu wotere ankatenga limodzilimodzi, ife tisadzisenzetse khumi nthawi imodzi. Akuluakulu anati pang'onopang'ono ndi mtolo.

Chachitatu, ikani nthawi yokhazikika. Kulembaku mukumangirire ku chinthu chimene mumachita kale tsiku lililonse: mukangosamba m'manja mutadya nsima yamadzulo, kapena musanaike foni pa tchaja. Masiku oyambirira tcherani alamu kuti izikukumbutsani. Ndipo yambani ndi kabukuko musanatsegule mauthenga, chifukwa mukalowa m'magulu a pa WhatsApp, mudzadzidzimuka ili 11 koloko usiku, batire latha, simunalembe kanthu.

Nanga mukadumphitsa tsiku? Ambiri amatayira pomwepa, amvekere, "Basi ndalephera." Mwinanso munamva anthu akunena kuti chizolowezi chimakhazikika m'masiku 21. Kafukufuku amene Phillippa Lally ndi anzake a ku University College London anatulutsa mu 2009 anapeza zosiyana. Analondoloza anthu 96 kwa masabata 12, aliyense akuyesa chizolowezi chimodzi chatsopano cha kadyedwe, kamwedwe kapena kulimbitsa thupi. Anapeza kuti pakatikati zimatenga masiku 66 kuti munthu azichita chinthu mosachita kudzikakamiza, koma nthawiyi inkasiyana kwambiri, kuyambira masiku 18 mpaka 254. Anapezanso kuti kuphonya tsiku limodzi sikuwononga zonse. Choncho kukagwa maliro, mukadwala, kapena magetsi akazima foni n'kuthima, ikani 0 wanu, mawa mupitirize. Chachikulu, musaike X pamene simunachite. Kabuku konama sikangakuthandizeni, ndipo amene mukumunamizayo ndi inu nomwe.

Chachinayi, ndipo ichi ndiye chimapindulitsa ntchito yonseyi: Lamulungu madzulo patulani mphindi khumi muwerenge zimene mwalemba sabata yonse. Yang'anani zimene zikubwerezabwereza. Mwina muona kuti mankhwala mumaiwala Loweruka lokhalokha, tsiku limene mumalawirira kumsika; ndiye muziwaika m'chikwama Lachisanu usiku. Mwina muona kuti ngongole zambiri zili kwa anthu awiri omwewo. Ngati chizolowezi china chili ndi 0 yekhayekha, chichepetseni: mphindi 20 zoyenda zikhale 10. Mukapita kuchipatala, tsegulani tsambalo muwauze adokotala masiku enieni amene munamva ululu.

Tisaiwale za chinsinsi. M'makomo ambiri foni imodzi imagwiridwa ndi banja lonse, ana amaseweretsa, alendo amabwereka. Ikani loko pafoni yanu. Samsung Notes ndi Notes ya pa iPhone zimalola kutseka tsamba limodzi palokha. Ngakhale mutatseka, musalembemo PIN ya Airtel Money, ya Mpamba kapena ya kubanki. Zinsinsi zimene anzanu anakuuzani musazilembe ndi mayina awo.

Inu amene muli ndi foni ya mabatani, musadandaule. Kope wamba ndi cholembera zigwira ntchito yomweyi: tsamba lakutsogolo la mafunso atatu aja, lakumbuyo la zizolowezi zitatu.

Tsono musadikire Lolemba, musadikire mwezi watsopano, kapena Januwale. Usiku uno mukatha kudya, tsegulani tsamba, lembani deti la lero ndi mizere yanu itatu, musankhe chizolowezi choyamba.