Phunziro la Social Studies: Kodi mfuti ingagulitsidwe ngati mbuzi?

Mbuzi yanu mutha kugulitsa kwa mnansi popanda kuuza boma. Mfuti ayi, ngakhale ikhale gogodela amene agogo anasiya kudenga. Lamulo la Firearms Act la 1967 limafuna kuti wosunga mfuti akhale ndi chiphaso, ndipo kaundula wake ali kupolisi. Makolo, kugulitsana mfuti mwamseri kuno kwa Dzoole ndi mlandu kwa wogula ndi wogulitsa yemwe.

Ena amati uku n'kuphwanya ufulu wa munthu pa katundu wake. Ku South Africa bungwe la alenje linakasuma kukhoti, kutsutsa lamulo lokakamiza eni mfuti kukonzetsanso ziphaso zikatha. Linapambana ku High Court mu 2017, koma mu June 2018 Constitutional Court inatembenuza chigamulocho: kukhala ndi mfuti si ufulu wachibadwidwe, ndi mwayi woyendetsedwa ndi lamulo. Ku America n'kosiyana, chifukwa malamulo awo aakulu amatchula ufulu wosunga zida. Athu a 1994 sautchula.

Ntchito ya Fomu 3: werengani gawo 28 ndi gawo 44 la malamulo aakulu a dziko lino. Mlandu wa alenjewo ukanabwera ku Lilongwe, mukanagamula bwanji?