Kodi asilikali a m'filimu ya nkhondo atchedwe Azambia?

Funso: Mphunzitsi wina wa ku Nyimba, amene akukonza filimu yonena za anyamata a ku Petauke amene anakamenya nkhondo ku Burma, akufunsa ngati n'koyenera kuwatchula Azambia, popeza anzake akuti anali asilikali a Britain.

Yankho: Dzikoli linayamba kutchedwa Zambia pa 24 Okutobala 1964, choncho msilikali wa mu 1944 sangadzitchule motero. Anyamatawo ankalowa gulu la Northern Rhodesia Regiment, lomwe linakhazikitsidwa mu 1933 ndipo linamenya nkhondo ku Tug Argan ku Somaliland mu 1940; pamalamulo anali anthu otetezedwa ndi Britain, kutanthauza kuti ankalamulidwa ndi boma la ku London koma sanali nzika zake. Kuwatchula Abritishi n'kufafaniza kwawo kumene anasiya makolo, akazi ndi minda.

M'filimumo, asilikaliwo adzitchule ndi mtundu ndi mfumu yawo, monga Mnsenga wa kwa Kalindawalo kapena wa kwa Ndake, pamene wofotokoza nkhani angawatchule makolo a Azambia a lero. Ngati dzina kapena gulu la msilikali likukayikitsa, mphunzitsiyu akafunse ku National Archives of Zambia ku Lusaka asanayambe kujambula.