Galimoto yolira lero, mawa n'kukana: musathamangire kugula batire

Alimi anzanga, galimoto ikafa kufa kwenikweni nkhani imakhala yapafupi, chifukwa makaniko amaona chimene chathyoka n'kuchisintha. Yosautsa ndi ija imene imalira bwinobwino Lolemba, Lachiwiri n'kukana, ndipo mukaitana makaniko Lachitatu imalira kamodzi n'kamodzi ngati panalibe chovuta. Makaniko amakuyang'anani ngati mwamunamiza, koma ndalama ya kabaza mumamulipirabe.

Kwa mlimi zimenezi si zoseketsa. Tomato wothyola dzulo sadikira munthu, mabelo a fodya ali ndi tsiku lake lofikira ku okushoni, ndipo matenda akagwa usiku pikapu yanuyo ndi imene mudzi wonse umayang'ana.

Mlimi wina wa kachewere kwathu kuno ali ndi Toyota Hilux yakale ya petulo imene inayamba khalidwe lomweli. Anagula batire latsopano, galimoto inalira masabata awiri, kenaka inayambiranso. Anagula sitata ina kwa ogulitsa zitsulo zakale, koma sizinathandize. Pomaliza chinapezeka cholakwika ndi bawuti imodzi yadzimbiri, yomangira waya wa ethi pa injini. Sandipepa ndi sipanala zinathetsa vuto limene linali litadya kale ndalama ya feteleza. Batire latsopano lija linaoneka ngati lathandiza chifukwa chakuti polimanga anagwedeza mawaya, ndiye anagwirana kwa kanthawi.

Chifukwa chake vutoli limabwera n'kupita

Magetsi a galimoto amayenda mozungulira. Amadutsa m'waya kuchokera ku batire kupita ku sitata, ku nyali kapena ku koyilo, ndipo njira yake yachiwiri ndi chitsulo cha injini ndi cha galimoto yeniyeniyo, kukafika ku mutu wa batire wolembedwa chizindikiro chochotsera. Njira yachiwiriyi ndi imene amakaniko amati ethi. Paliponse pamene waya wamangidwa ndi nati kapena bawuti ndi pamene pangabuke vuto.

Wailesi ndi hutala zimafuna magetsi ochepa. Sitata imakoka ma amps opitirira 100, ndipo ya injini ya dizilo imakoka kuposa pamenepo. Choncho malo omangira amene achita dzimbiri angathe kulola wailesi kuimba ndi hutala kulira, koma n'kukanika kudutsitsa mphamvu yokwanira sitata. Tsono onjezanipo misewu yathu yafumbi imene imagwedeza chilichonse, kutentha kwa injini kumene kumafutukula zitsulo, ndi chinyezi cha m'dzinja. Lero zitsulo ziwiri zagundana, mawa zatalikirana pang'ono. Chipangizo chimene chapsa sichidzuka chokha, ndiye vuto lobwera n'kupita kawirikawiri limakhala la polumikizira, ngakhale kuti zilipo zipangizo zingapo zimene zimachita nthumanzi zisanafe, monga tionere.

Choyamba, sungani kapepala m'galimoto ndipo muzilemba nthawi imene yakana. Kodi ndi m'mawa kukuzizira, kapena mutayenda mtunda wautali injini ili yotentha? Mvula itagwa? Mutadutsa msewu wa mabampu? Itakhala masiku atatu osayenda? Mayankho amenewa amachepetsa ntchito ya makaniko.

Tsiku limene yakana

Musayambe ndi kuitana anyamata kuti akankhe. Nthawi imeneyo ndi yokhayo imene vuto lili poyera, ndipo mukaikankha n'kulira ndiye kuti mwafufuta mapazi a wakuba.

Onetsetsani kuti galimoto siili m'giya, mangani handibuleki, yatsani nyali zikuluzikulu zakutsogolo, ndipo wina aime patsogolo chapambali aziziyang'ana inu mukutembenuza kiyi. Nyali zikazima kapena kufooka kwambiri, sitata n'kumangoti tetete, ndiye kuti mphamvu ikuchepa: mwina batire latsika, mwina mitu yake kapena ethi zada. Nyali zikapitiriza kuwala bwino koma osamveka kanthu, batire lilibe mlandu. Magetsi sakufika ku sitata, ndipo mukayikire swichi ya kiyi kapena kawaya kakang'ono kolowa pa solenoidi, kachitini kaja kamakhala pamsana pa sitata. Kawaya kameneka kamangolowetsedwa popanda nati, ndipo kamakhwepa mosavuta. Mukamva kugogoda kumodzi kokha, nyali zikuwalabe, vuto lili m'kati mwa solenoidi kapena m'mabulashi a sitata.

Ngati galimoto yanu ndi ya otomatiki, yesani kuiliza chogwirira giya chili pa N m'malo mwa P. Ikalira, cholakwika ndi kaswichi ka pa giyabokosi.

Musaumirize sitata kupitirira masekondi 10 kapena 15. Mukasiya, khudzani mosamala mitu ya batire ndi malo onse pamene mawaya akuluakulu amangidwa. Polumikizira pabwino pamakhala pozizira. Pamene mwapeza potentha ndi pamene magetsi akuvutika kudutsa.

Kutsuka mitu ya batire ndi ethi

Ntchito imeneyi mlimi aliyense angathe kuigwira. Vulani mphete ndi wotchi, zimani fodya, chifukwa batire limatulutsa mpweya umene umaphulika. Yambani kumasula temino ya kochotsera, ndipo pobwezera muimange pomaliza. Mukayamba ndi ya kophatikiza, sipanala ikakhudza chitsulo cha galimoto imathetheka moto. Ufa woyera kapena wobiriwira wa pamitu ya batire umachoka ndi madzi ofunda osakaniza ndi soda wophikira, bola madziwo asalowe m'mabowo a batire. Palani mutu ndi m'kati mwa temino ndi sandipepa mpaka ziwale, mangani zolimba, ndipo mukatha kumanga pakani girisi pamwamba. Temino imene mungathe kuitembenuza ndi dzanja ndi yokhwepa. Chizolowezi chokhomera msomali pakati pa temino ndi mutu chimang'amba batire. Gulani temino ina, ndi yotsika mtengo.

Kenaka tsatirani waya wa kochotsera kufikira pamene wamangidwa. Ambiri amaiwala kuti injini imakhala pa mphira, ndipo mphira sudutsitsa magetsi. N'chifukwa chake pamakhala waya wokhuthala kapena lamba wa mkuwa wolukidwa wolumikiza injini ndi chitsulo cha galimoto. Ameneyu akaduka nyuzi kapena bawuti yake ikachita dzimbiri, magetsi amafuna njira ina ndipo amadzera mu kebulo ya mafuta kapena ya tchoki, mpaka kebuloyo kutentha n'kumauma. Kuyesa kwake n'kosavuta. Tengani waya mmodzi wa majampa, mbali ina mupane pa mutu wa batire wa kochotsera, ina pa chitsulo choyera cha injini. Galimoto ikalira, mwampeza wakuba uja.

Amene ali ndi mita yoyezera magetsi

Kamita aka kamapezeka m'mashopu a hadiweya ndipo mtengo wake sufika pa wa batire. Batire lodzaza, galimoto itagona usiku wonse, limaonetsa 12.6 volts. Likaonetsa 12.2 latsala ndi theka, ndipo pansi pa 12.0 latheratu. Pamene wina akutembenuza kiyi lisatsike kupitirira 9.6 volts, likatsika chonsecho linali lodzaza, lakalamba. Injini ikulira, mita ionetse pakati pa 13.8 ndi 14.4 volts. Kuchepera apo ndiye kuti alitaneta sikudzaza batire.

Pali kuyesa kwina kumene ndimakukonda kuposa konse. Ikani nsonga imodzi ya mita pa mutu weniweni wa batire wa kochotsera, inayo pa chitsulo cha injini, wina atembenuze kiyi. Ethi yabwino imaonetsa pafupifupi 0.2 volts kapena kuchepera. Mukaona 0.5 kapena kupitirira, magetsi akutayika panjira. Chitaninso chimodzimodzi kuchokera pa mutu wa kophatikiza kufika pa bawuti yaikulu ya sitata. Kuyeza waya sitata isakukoka kumanamiza, pakuti ngakhale nyuzi imodzi yotsala imaonetsa ngati zonse zili bwino.

Madzi a m'batire nawo muziwayang'ana ngati lili ndi zivindikiro. Aphimbe timapuleti ta m'kati, ndipo owonjezera akhale madzi a batire ogula, osati a pamjigo, ndiponso osati asidi.

Za kugogoda sitata ndi sipanala, inde zimathandiza, chifukwa mabulashi operepeseka amagwiranso akagwedezeka. Koma kumeneko n'kuyesa chabe, si kukonza ayi. Ikalira mutagogoda, dziwani kuti mabulashi atha, ndipo amasinthidwa popanda kugula sitata yonse. Musamenye ndi hamala, masitata ena ali ndi maginito m'kati amene amasweka.

Injini ikuzungulira koma osalira

Apa sitata ndi batire zachita mbali yake. Pa galimoto zakale za petulo monga Datsun 1200, Peugeot 404 ndi Land Rover zakale, moto wa mapulagi umadalira koyilo, mapointi ndi kondensa. Galimoto yokana m'mawa wa chiperoni kapena mvula itagwa, n'kumalira dzuwa likatuluka, kawirikawiri ili ndi chivindikiro cha disitiribyuta chong'aluka kapena mawaya a mapulagi okalamba. Pukutani m'kati mwa chivindikirocho ndi nsalu youma. Usiku kuli mdima tsegulani boneti injini ikulira, manja ali kutali ndi fani. Mukaona timoto tikudumphadumpha pa mawaya, asintheni. Mapointi akhale oyera, ndipo mpata wake pa galimoto zambiri ndi pafupifupi 0.4 mpaka 0.5 mm.

Imene imazima yokha mutayenda mtunda, n'kuliranso ikapuma theka la ola, ikulozera ku koyilo kapena kondensa imene ikufooka ikatentha. Imene imazima pa mabampu, nyali za pa dashibodi n'kuzimira limodzi, ili ndi swichi ya kiyi yoperepeseka. Mulu wa makiyi a golosale, a nkhokwe ndi a chigayo wolendewera pa swichiyo ndi umene umaimaliza. Injini ikulira pamalo amodzi, gwedezani kiyi pang'ono, kenaka mawaya ang'onoang'ono limodzi ndi mafyuzi, chimodzichimodzi. Pamene injini yatsokomola ndi pomwepo.

Dizilo ilibe koyilo. Yokana m'mawa wa June ndi July, n'kumatulutsa utsi woyera, nthawi zambiri ili ndi mapulagi otenthetsera akufa kapena magetsi sakuwafika. Pa mapampu ambiri a dizilo palinso kawaya kamodzi kopita ku kavalavu kotsegula mafuta. Kakakhwepa, injini imazungulira mpaka batire kutha koma osalira. Wina akatsegula kiyi, inu tcherani khutu pa pampu, muyenera kumva kugogoda pang'ono.

Batire lomangotsika

Lamba wa fani wokhwepa amaterereka, amalira ngati mluzu m'mawa, ndipo alitaneta sidzaza. Yang'ananinso kanyali kofiira ka batire pa dashibodi. Kayenera kuyaka mukatsegula kiyi ndi kuzima injini ikalira. Kakapanda kuyaka n'komwe musakondwere, chifukwa pa galimoto zambiri zakale alitaneta imayamba ntchito ndi magetsi odzera mu babu lomwelo.

Amakaniko ena amayesa alitaneta pozula temino ya batire injini ikulira. Musalole zimenezi pa galimoto yanu. Magetsi amakwera mwadzidzidzi n'kupsereza alitaneta yomwe mumafuna kuyesayo, ndipo pa galimoto za kompyuta, monga zambiri zochokera ku Japan zimene zimadzera ku Dar es Salaam, chimene chingapse ndi chodula kwambiri. Galimoto zotere zimasunga zolakwika zina m'kompyutamo, ndipo makaniko wokhala ndi makina owerengera angazione ngakhale tsiku limene ikulira bwino. Komabe nazonso yambani ndi mitu ya batire ndi ethi.

Batire likamatha galimoto itangoima masiku awiri kapena atatu, chilipo chikuba magetsi. Zimani zonse, tsekani zitseko, masulani temino ya kochotsera, ndipo pakati pa temino ndi mutu wa batire lumikizanipo babu laling'ono la 12 volts. Pa galimoto yakale yopanda kompyuta babulo siliyenera kuwala. Likawala, zulani mafyuzi imodziimodzi mpaka lizime, ndipo fyuzi imeneyo ikuuzani njira yolakwika. Kawirikawiri amapezeka ndi mawaya a wailesi kapena a nyali zowonjezera, olumikiza mongopota n'kukulunga pepala la pulasitiki. Enanso ndi makoswe. Pikapu yogona pafupi ndi nkhokwe, kapena yosiyidwa ndi njere za chimanga kumbuyo, imasanduka nyumba yao, ndipo amatafuna mawaya kuseri kwa dashibodi kumene diso silifika.

Fyuzi ikapsa, ikanipo ina ya nambala yomweyo. Ikapsanso, pali waya wosupuka amene akukhudza chitsulo, makamaka pamene mawaya amadutsa pa bowo kuchokera ku injini kulowa m'kati. Kumangapo waya kapena kapepala konyezimira ka m'paketi ya ndudu kumachititsa kuti m'malo mwa fyuzi apse ndi mawaya onse, mwinanso ndi katundu amene mwanyamula.