NSOMBA ZOWETA NDI TIZIROMBO TOSAMVA MANKHWALA

Nsomba ndiyo ndiwo imene mabanja ambiri a m'makomboni adalira. Masiku ano nsomba zambiri za bream zogulitsidwa m'misika ya ku Chipata, Lusaka ndi matauni ena sizicokera kwa asodzi ai, koma ndi zoweta. Zina ziwetedwa m'maiwe okumba, zina m'maukonde akuluakulu oyandama pa Nyanja ya Kariba ku Siavonga. Ulimi umenewu ndi wabwino pakuti upatsa anthu nchito ndi cakudya comanga thupi. Koma pali ngozi imodzi imene banja lililonse liyenera kudziwa: tizirombo tosamva mankhwala.

KODI VUTOLI LIYAMBA BWANJI?

Nsomba zikapanikizana pamalo amodzi, matenda afalikira msanga. Akatswiri anapeza tizirombo ta mabakiteriya tochedwa Aeromonas, Streptococcus ndi Lactococcus m'nsomba zodwala za pa Kariba. Mlimi akaona nsomba zake zili kufa, nthawi zina athamangira kusakaniza mankhwala a antibayotiki, monga oxytetracycline, m'cakudya ca nsombazo.

Koma nsomba yodwala siidya bwino. Motero gawo lalikulu la mankhwalawo limira m'matope, kapena lituluka ndi ndowe za nsomba. M'madzimo mankhwala asungunuka nacepa mphamvu. Apha tizirombo tofooka tokha, koma tolimba titsala ndi kuswana. Coipitsitsa ndi cakuti tizirombo timeneti titha kupatsirako tinzake mphamvu yokana mankhwala, ngakhale ta mtundu wina.

Njira ina ndi manyowa a nkhuku. Alimi ena athira manyowa m'maiwe kuti madzi abiriwire ndi cakudya ca nsomba. Ngati nkhukuzo zinali kumwetsedwa antibayotiki, manyowawo apita m'dziwe pamodzi ndi zotsalira za mankhwala ndi tizirombo tozolowera kale.

NANGA ZIKHUDZA BWANJI MUNTHU?

Mankhwala opatsidwa nsomba ndi a banja limodzi ndi mankhwala a m'cipatala. Oxytetracycline ndi mbale wake wa doxycycline, amene madokotala apatsa odwala kolera kwambiri. Mliri wa kolera umene unayamba mu October 2023 unadwalitsa anthu oposa 20,000 m'Zambia, ndipo oposa 700 anamwalira. Mliriwo unafala cifukwa ca madzi oipa ndi kusowa ukhondo, koma unaonetsa kuti dziko lifunika mankhwala amene ali ndi mphamvu. Kazirombo kakaphunzira kukana mankhwala m'dziwe, sikaiwala pofika m'mimba mwa mwana.

Tizirombo timeneti tilowa m'thupi la munthu m'njira izi:

1. Pa cironda ca pa dzanja, kapena pamene munga wa nsomba wamulasa munthu popala mamba ndi kutumbula.
2. Podya nsomba yosapsa bwino. Mu 2015 anthu oposa 100 ku Singapore anadwala matenda oopsa a m'magazi atadya nsomba zoweta zaziwisi zimene zinali ndi Streptococcus.
3. Pa mpeni, thabwa kapena mbale imene inakhudza nsomba yaiwisi, kenaka ndi kudulirapo matimati, mango kapena buledi.

Munthu wodwala ndi tizirombo totere amwa mankhwala koma saona kusintha. Akhala nthawi yaitali m'cipatala, ndipo banja litaya ndalama zambiri pofuna mankhwala ena odula. Ana aang'ono, okalamba, amai apakati, odwala shuga ndi amene ali ndi HIV ndiwo ali pangozi yaikulu. Kafukufuku anaonetsa kuti mu 2019 mabakiteriya osamva mankhwala anapha anthu pafupifupi 1.27 miliyoni padziko lonse. Boma la Zambia linakhazikitsa mu 2017 ndondomeko ya zaka 10 yolimbana ndi vutoli mwa anthu, ziweto ndi cilengedwe.

ZIMENE BANJA LIYENERA KUCITA

Palibe cifukwa coleka kudya nsomba. Moto upha tizirombo tosamva mankhwala monga momwe uphera tinzake. Cofunika ndi kusamala.

Pamsika: Wogula asankhe nsomba ya maso owala ndi mnofu wolimba. Nsomba ya zironda, ya maso otupa, ya mimba yotupa kapena yonunkha aisiye, ngakhale mtengo utsike bwanji.

Pophika: Munthu wa cironda pa dzanja asatumbule nsomba. Mpeni, thabwa ndi manja zitsukidwe ndi sopo. Matumbo akwiriridwe, ndipo madzi otsukira nsomba asatayidwe posewerera ana. Nsomba ipse kufikira pa fupa. Ndiwo zogona zitenthedwe kufikira zitawira, osati kungofunditsa.

Podwala: Wotsegula m'mimba ayambe kumwa madzi a ORS ndi kupita ku kiliniki. Antibayotiki si wogula pa kantemba kapena kupempha kwa mnansi. Amwedwe monga momwe a cipatala alangizira. Bala la munga wa nsomba likatupa, kufiira kapena kubweretsa kutentha thupi, lionedwe ndi a cipatala tsiku lomwelo.

KWA AWO OWETA NSOMBA

Mlimi asaike nsomba zoposa muyeso m'dziwe. Nsomba zakufa azicotse tsiku lililonse ndi kuzikwirira, osati kuzigulitsa. Asanathire mankhwala, ayambe wafunsa alangizi a nsomba kapena dokotala wa ziweto, ndipo agule mankhwala olembetsedwa ndi bungwe la ZAMRA. Akapereka mankhwala, ayembekeze masiku onse olembedwa pa paketi asanagulitse nsomba, pakuti kuphika sikucotsa zotsalira zonse za mankhwala mu mnofu.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Mlimi wofunsa asanathire mankhwala m'dziwe, ndi mai wophika nsomba kufikira itapsa, onse awiri asunga mphamvu ya mankhwala amene mwana wao adzafuna tsiku lina m'cipatala.